Mitundu ya Utsogoleri ndi Mmene Mtsogoleri Angadziyesere

Nkhani ino taikonzera abale ndi alongo amene ali ndi udindo wotsogolera anzao, makamaka a ku Chikomeni ndi midzi yozungulira: akulu a mpingo, atumiki, amai a cigwirizano, atsogoleri a acinyamata ndi a kwaya, pamodzi ndi amene anasankhidwa m'makomiti a kumudzi. Tikufotokoza mitundu ya utsogoleri imene akatswiri anaizindikira, pamene mtundu uliwonse umathandiza ndi pamene umaononga, ndiponso mmene munthu angadziwire mtundu umene iye mwini anauzolowera. Palibe mtundu umodzi umene umayenera nchito zonse, ndipo mtsogoleri sangakonze kacitidwe kake asanakaone monga mmene anthu ake amakaonera.

Mipando ya utsogoleri kwathu kuno

Chikomeni ndi dziko la mfumu ya Acewa, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Kwa zaka zambiri linali m'boma la Lundazi. Mu 2018 Lundazi inagawidwa patatu, kukhala Lundazi, Chasefu ndi Lumezi, ndipo Chikomeni inagwera ku Lumezi pamodzi ndi maiko a mafumu Zumwanda, Mwasemphangwe, Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya. Kumadzulo kuli paki ya Lukusuzi, ndipo kum'mawa, kutsidya kwa malire, kuli paki ya Kasungu ya ku Malawi. Mu 2015 maiko awiriwa anasaina pangano losamalira pamodzi nyama ndi nkhalango za m'malire, ndipo mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kucoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Kucokera nthawiyo alimi a mbali zonse ziwiri za malire akhala akudandaula za njovu zolowa m'minda.

Dziko lotere limakhala ndi mipando yambiri. Pali amfumu, nduna zao ndi anyakwawa, amene amaweruza milandu ndi kuyang'anira malo. Pali khansala ndi komiti ya citukuko ya m'wadi, imene imalandira ndi kupititsa mapempho a ndalama za CDF. Ndalamazi zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse mu 2022. M'madera oyandikana ndi mapaki muli mabodi a anthu oyang'anira zacilengedwe, odziwika kuti CRB, amene lamulo la zanyama la 2015 limawazindikira: mamembala ake ambiri amasankhidwa ndi anthu, pamene mfumu imaima ngati kholo la bodiyo. Pali makoparetivi amene alimi amalandirira fataleza ndi mbeu za FISP, alimi otsogolera a m'magulu a COMACO, makomiti a makolo ndi aphunzitsi, ndi makomiti a zitsime. Ndiye palinso mpingo ndi mabwalo ake.

Anthu odziwa kulemba ndi kuwerengera ndalama, amenenso anzao amawakhulupirira, si ambiri pamudzi. Conco munthu mmodzi amapezeka ali mkulu wa mpingo, mlembi wa koparetivi ndi membala wa komiti ya sukulu. Khalidwe limene ali nalo pa mpando umodzi amapita nalo ku mipando inayo. Ngati ndi wosamva za anzake, mabungwe atatu amavutika pamodzi. Zoonongeka zake n'zooneka ndi maso: fataleza wofika mvula itapita patali, njerwa za nyumba ya abusa zosungunuka ndi mvula, acinyamata osiya kubwera ku misonkhano.

Mitundu itatu yoyamba

Kafukufuku wodziwika kwambiri pa nkhaniyi anacitika pa yunivesite ya Iowa ku America, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1939. Kurt Lewin, Ronald Lippitt ndi Ralph White anaika anyamata a zaka pafupifupi 10 m'timagulu togwira nchito zamanja akaweruka kusukulu. Kagulu kalikonse kanali ndi munthu wamkulu amene anaphunzitsidwa kutsogolera mwa njira imodzi pa zitatu izi: kulamula, kukambirana, kapena kulekerera. Pakapita masabata angapo atsogoleriwo anali kusinthana magulu ndi kusinthanso njira.

Pansi pa wolamula nchito inali kuyenda iye akakhalapo, koma akatuluka m'cipinda inali kuzirala. Anyamata ena anayamba ndeu ndi kupezerera anzao, ena anangokhala duu kuyembekezera kuuzidwa cocita. Pansi pa wokambirana anyamata anali kugwirizana, ndipo nchito inali kupitirira ngakhale mtsogoleri atatuluka. Pansi pa wolekerera nchito inali yocepa ndi yosalongosoka. Tizindikire zinthu ziwiri. Anyamata omwewo anasintha khalidwe atapatsidwa mtsogoleri wa mtundu wina, kutanthauza kuti ulesi kapena mkangano wa gulu nthawi zambiri umayambira pa mpando. Ndipo akuluakulu omwewo anatha kutsogolera mwa njira zosiyana, kutanthauza kuti kacitidwe ka mtsogoleri ndi cinthu cophunzirika.

Utsogoleri wolamula. Mtsogoleri amagamula yekha, amagawa nchito yekha, ndipo ena amangotsatira. Pali nthawi imene umafunika. Moto ukalusa pafupi ndi nkhokwe, kapena njovu zikalowa m'munda usiku, palibe mpata woitana msonkhano. Pamafunika mau amodzi onena kuti ana akhale m'nyumba ndipo wakuti aimbire foni oyang'anira nyama. Pa mliri wa COVID-19 mu 2020, ndi pa kolera ya 2023 mpaka 2024, atsogoleri a mipingo anayenera kutsata ndi kukhwimitsa malangizo a zaumoyo ngakhale ena sanakondwere nao. Vuto limabwera pamene njira ya pa ngozi isanduka ya masiku onse. Anthu amasiya kunena maganizo ao, zolakwa zimabisika, ndipo aluso amacoka mwakacetecete. Nkhani ya Rehobowamu pa 1 Mafumu 12 ndi ya mtundu umenewu: anakana uphungu wa akulu wakuti apeputse katundu wa anthu, ndipo ufumu unagawanika.

Utsogoleri wokambirana. Mtsogoleri amaika nkhani pabwalo, amamva onse, ndipo cigamulo cimatuluka m'gulu. Si wacilendo kwa ife. Pabwalo la kumudzi odandaula, oyankha, mboni ndi nduna amalankhula, ndipo amfumu amatsiriza ndi iwo atamva zonse. Mipingo yoyendetsedwa ndi akulu inamangidwanso comweco: bwalo la mpingo, presbiterio ndi sinodi, kumene m'busa ali mmodzi mwa ovota. Mutu umodzi susenza denga. Njirayi imayenera pa nkhani zimene anthu adzafunika kuzisenza okha, monga copereka ca cimango kapena malamulo a citsime. Ili ndi matenda ake awiri. Oyamba ndi misonkhano yosatha, nkhani imodzi kubwerera mwezi ndi mwezi nyengo yobzala n'kudutsa. Aciwiri ndi kukambirana kwa ciphamaso, pamene wapampando afunsa maganizo koma anagamula kale ndi anzake awiri usiku wathawo. Anthu sacedwa kuzindikira zimenezi, ndipo zimawapweteka koposa kulamulidwa poyera.

Utsogoleri wolekerera. Mtsogoleri amasiya anthu acite monga aonera. Kwa munthu waluso ndi wokhulupirika, monga mmisiri wodziwa kukhoma denga kapena mphunzitsi wa kwaya wa zaka zambiri, kumpatsa mpata n'kwanzeru. Koma kusiyira munthu nchito n'kosiyana ndi kuthawa udindo. Wosiyira nchito amanena cimene cifunika, tsiku lomalizira ndi nthawi yopereka lipoti. Wothawa udindo amangoti zili bwino, safunsa buku la ndalama, ndipo amaopa kudzudzula mbale wake. Wansembe Eli, pa 1 Samueli 2 ndi 3, anadziwa zoipa za ana ake, anawalankhula, koma sanawaletse. Ndalama zambiri za magulu zimatayika pansi pa atsogoleri ofatsa otere, amene iwo eni sanatengepo ngakhale ngwee imodzi.

Mitundu ina imene tiyenera kuidziwa

Mu 1978 James MacGregor Burns, wolemba mbiri ya atsogoleri a ndale ku America, anasiyanitsa utsogoleri wosinthana ndi utsogoleri wosintha anthu. Wosinthana uli ngati malonda: ndivotereni, ndidzakulembani pa mndandanda wa fataleza, bwerani ku nchito ya njerwa, dzina lanu lidzawerengedwa pa Sabata. Umagwira nchito malinga ngati pali copereka, ndipo cikatha, gulu limabalalika. Wosintha anthu umakweza zolinga za otsogolera ndi otsogoleredwa omwe, mpaka anthu ayamba kuona nchitoyo ngati yao. Ngozi yake ndi yakuti munthu wa pakamwa pokoma akhoza kukopa gulu lonse kumutsata iye m'malo motsata colinga, ndipo iye akasamuka zonse zimagwa.

Mu 1970 Robert Greenleaf, amene anagwira nchito zaka zambiri ku kampani ya matelefoni ya AT&T, analemba za utsogoleri wotumikira. Muyeso umene anapereka ndi wakuti tione ngati anthu otumikiridwa akukula, akukhala odziimira paokha, ndipo ngati naonso ayamba kutumikira ena. Tionenso cimene cikucitikira osauka kwambiri m'gululo. Akhristu amaudziwa mtundu umenewu pa Yohane 13, pamene Ambuye anasambitsa mapazi a ophunzira ao. Tisausokoneze ndi kucita nchito zonse wekha. Wapampando amene amasesa, kuliza belu, kulemba maminitsi ndi kusunga makiyi onse amaoneka wodzicepetsa, koma palibe amene akukula pansi pake.

Mu 1969 Paul Hersey ndi Ken Blanchard anaphunzitsa kuti mtsogoleri asinthe njira malinga ndi luso ndi kufunitsitsa kwa munthu amene akumutsogolera pa nchito inayake. Tiyerekeze ndi mtsikana amene wangosankhidwa kukhala msungicuma wa acinyamata. Miyezi yoyamba amafunika kuuzidwa mwacindunji mmene angalembere zolowa ndi zotuluka. Kenaka amafunika kufotokozeredwa zifukwa zake ndi kulimbikitsidwa akalakwitsa. Pambuyo pake akhoza kukonza bajeti pamodzi ndi akulu. Pomaliza amangosiyiridwa buku, n'kumapereka lipoti pa nthawi yake. Kumusiyira buku tsiku loyamba ndi kumutaya. Kumuimirira pamsana caka cacitatu ndi kumunyoza. Uphungu wa Yetero kwa Mose pa Eksodo 18 uli ndi nzeru yomweyi: milandu ing'onoing'ono ipite kwa anthu oyenera, yovuta yokha ifike kwa Mose.

Robert Blake ndi Jane Mouton, mu 1964, anapereka muyeso wa mbali ziwiri: kusamala nchito ndi kusamala anthu, mbali iliyonse kuyambira 1 mpaka 9. Pali atsogoleri amene calichi amacimaliza pa nthawi yake koma theka la mpingo litakhumudwa. Pali ena amene aliyense amawakonda koma maziko akhala zaka zisanu osakwera. Muyeso umenewu umathandiza munthu kuona mbali imene amapendekera.

Cifukwa cake kudziyesa wekha sikukwanira

Tikafunsa atsogoleri mtundu wao, ambiri adzati ndi okambirana kapena otumikira. Sikuti akunama. Munthu amadziweruza poona zolinga za mumtima mwake, pamene anzake amamuweruza poona zocita zake. Mu 1999 Justin Kruger ndi David Dunning a pa yunivesite ya Cornell anaonetsa kuti ophunzira amene anakhoza pang'ono kwambiri pa mayeso ena anali kudziyesa okhoza koposa anzao ambiri. Luso limene munthu alibe ndi lomwenso likanamuthandiza kuona kuti alibe. Makolo athu anaziona kale pamene anati anyani amasekana zikundu.

Mu 1955 Joseph Luft ndi Harrington Ingham anajambula cithunzi ca zenera la magawo anai, lodziwika kuti Johari. Gawo loyamba ndi zimene ine ndidziwa za ine ndipo anzanga azidziwanso. Laciwiri ndi zimene ine ndidziwa koma ndimabisa. Lacitatu ndi zimene anzanga aona mwa ine koma ine sindiziona. Lacinai ndi zimene palibe wazidziwa. Gawo lacitatu ndilo limagwetsa atsogoleri, ndipo limacepa pokhapokha wina akatiuza.

Kwathu kuno gawo limeneli limakula msanga cifukwa ca ulemu. Mwana sadzudzula wamkulu pagulu, mkamwini sayankha apongozi, ndipo mkhristu amaopa kutsutsa abusa. Mai amene sanagwirizane ndi cigamulo amangoti zikomo, n'kukanena zakukhosi pa citsime. Ulemu ndi wabwino, koma umacititsa kuti munthu akamakwera, oona omuuza azicepa. Mtsogoleri amene amawerenga kukhala cete kwa anthu ngati kuvomereza akudzinamiza.

Kudziyesa si mwambo wacilendo

Mneneri Samueli, posiya udindo woweruza Aisraeli pa 1 Samueli 12, anaima pamaso pa anthu ndi kuwapempha kuti amucitire umboni ngati analandapo ng'ombe kapena bulu wa munthu, kapena kulandira ciphuphu. Sanadziyeretse yekha, anapereka mpata kwa amene akanamutsutsa. Ku Geneva, malamulo a mpingo a 1541, a nthawi ya John Calvin, anakhazikitsa kuti abusa azikumana miyezi itatu iliyonse kuti aunikane khalidwe ndi kucenjezana mwaubale. Mwambo wa presbiterio woyendera mipingo ndi kuona mabuku ake uli ndi colinga cofanana.

Mbiri ya dziko lathu ikuonetsanso kufunika kwa mau ocokera kunja kwa gulu la okuyamika. Mu 2001, pamene ena anafuna kuti malamulo a dziko asinthidwe kuti Pulezidenti Frederick Chiluba aimenso kacitatu, mabungwe atatu a mipingo, bungwe la maloya ndi mgwirizano wa mabungwe a amai anapanga Oasis Forum ndi kukana poyera. Mu May caka comweco a Chiluba analengeza kuti sadzaimanso. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Njira inai zodziyesera

Tikulangiza kuti mtsogoleri aliyense acite izi kamodzi pacaka, makamaka pambuyo pa kukolola, nchito za kumunda zitacepa ndipo masankho a m'magulu asanafike.

Yoyamba ndi kufunsa mabuku. Tengani maminitsi a misonkhano isanu ndi umodzi yapitayi ndi kuwerenga. Pa zigamulo zonse, ndi zingati zinayamba ndi maganizo anu, ndipo ndi zingati zinayamba ndi munthu wina? Ndi maina angati a amai ndi acinyamata amene alembedwa kuti analankhula? Ndi nkhani zingati zinabwerera katatu osagamulidwa? Lipoti la ndalama linawerengedwa kangati, ndipo ndani kupatula msungicuma anaona malisiti? Mabuku alibe ulemu wonama. Ngati maminitsi palibe, cimeneco ndico cotsatira coyamba ca mayeso anu.

Yaciwiri ndi kuyankha ziganizo. Pa ciganizo ciliconse lembani 1 ngati simucita konse, 2 ngati mucita mwa apo ndi apo, 3 ngati mucita kawirikawiri, 4 ngati mucita nthawi zonse.

Gulu A
1. Ndimafika pa msonkhano nditadziwa kale cimene cidzagamulidwa.
2. Munthu akanditsutsa pagulu, ndimakumbukira kwa masiku ambiri.
3. Makiyi, cidindo ndi mabuku zimakhala kwa ine.
4. Ndimabwereza nchito ya wina cifukwa sanaicite monga ndikanacitira ine.

Gulu B
5. Ndimafunsa amene akhala cete ndisanatseke nkhani.
6. Ndimasintha maganizo anga pagulu ndikamva mfundo yoposa yanga.
7. Ndimatsata cigamulo ca gulu ngakhale ndinavotera cina.
8. Ndimafotokozera anthu cifukwa ca cigamulo, osati cigamulo cokha.

Gulu C
9. Ndimazengereza kudzudzula munthu poopa kuononga ubale.
10. Ndimasaina mapepala a ndalama osawerenga zonse.
11. Ndimapatsa munthu nchito osanena tsiku lopereka lipoti.
12. Mkangano ukabuka, ndimayembekezera kuti uzirala wokha.

Phatikizani manambala a gulu lililonse. Ocepetsetsa ndi 4, oculukitsitsa ndi 16. Gulu A likuonetsa kupendekera ku kulamula, B ku kukambirana, C ku kulekerera. Aliyense amakhala ndi manambala m'magulu onse atatu. Cofunika ndi kuona gulu limene lakwera.

Yacitatu ndi kufunsa anthu. Perekani ziganizo zomwezo kwa anthu asanu kuti akuyeseni: mmodzi wa pamwamba panu, monga abusa kapena nduna, awiri anzanu a m'komiti, ndi awiri amene mumawatsogolera, pakati pao pakhale mai ndi wacinyamata. Musasankhe okuyamikani okhaokha. Pakhale mmodzi amene munasiyana naye maganizo caka cino. Asalembe maina. Mapepala asonkhanitsidwe ndi munthu wina wokhulupirika, amene adzakupatsani manambala ophatikiza cabe. Amene sadziwa kulemba awerengeredwe ndi munthu yemweyo pambali. Onjezani mafunso awiri: ndi ciani cimene mtsogoleriyu apitirize, ndipo ndi ciani cimene asiye? Polandira mayankho musadziteteze, musafufuze amene analemba. Mukatero kamodzi, caka camawa mudzalandira zoyamika zokhazokha.

Yacinai ndi kusapezekapo. Awa ndi mayeso a ku Iowa aja, mtsogoleri atatuluka m'cipinda. Kumbukirani nthawi imene munadwala, kapena munapita ku maliro kutali, kapena munakhala sabata ku Chipata. Kodi msonkhano unacitika? Kodi waciwiri wanu anadziwa pamene pali mabuku? Ngati zonse zinaima kudikira inu, utsogoleri wanu ndi wolamula ngakhale mumalankhula mofatsa. Ngati palibe anazindikira kuti mwacoka, mwina munaleka kale kutsogolera. Ngati nchito inayenda, ndipo pobwera anakupatsani lipoti ndi kukusungirani nkhani imodzi yovuta, gulu lanu lili ndi moyo.

Kuwerenga zotsatira

Cofunika kwambiri ndi kusiyana kwa manambala anu ndi a anthu. Tinene kuti pa gulu B mwadzipatsa 15 koma anthu akupatsani 8, ndipo pa gulu A mwadzipatsa 6 koma iwo akupatsani 13. Kusiyana kumeneko ndilo gawo lacitatu la zenera lija. Zikhozanso kutembenuka: pali atsogoleri, makamaka amai ndi acinyamata ongoyamba kumene, amene amadzipatsa manambala otsika pamene anthu akuwaona akucita bwino. Kwa iwo mayesowa ndi cilimbikitso cakuti asabwerere m'mbuyo.

Mukaona pofooka, sankhani cinthu cimodzi cokha cooneka ndi maso, ndipo cicitike kwa miyezi itatu. Wopendekera ku kulamula ayambe kulankhula pomaliza pa nkhani iliyonse, ndipo apereke makiyi kapena buku limodzi kwa wina. Wopendekera ku kulekerera aike lipoti la ndalama pa mndandanda wa msonkhano uliwonse, ndipo akambirane pamaso ndi munthu mmodzi amene wakhala akumuzemba. Wokambirana mopitirira aike tsiku lomalizira pa nkhani iliyonse, likafika gulu livote. Uzani munthu mmodzi cimene mwasankha kuti azikukumbutsani. Lonjezo lakuti mudzakhala wodzicepetsa silingayesedwe. Lonjezo lakuti mudzafunsa amai awiri musanatseke nkhani lingawerengedwe m'maminitsi.

Tikumbukirenso kuti mipando ndi yosiyana. Mkulu wa mpingo amene alinso wapampando wa koparetivi adziyese pawiri. Pa mndandanda wa olandira fataleza pamafunika kutsata lamulo mosayang'ana nkhope, ngakhale wodandaulayo ndi mnzake wa m'kwaya. Pa bwalo la mpingo, pokamba za banja limene likugwa, pamafunika kumva nthawi yaitali. Wobweretsa nkhanza za lamulo pa nkhani ya ubusa, kapena cifundo ca ubusa pa buku la ndalama za anthu, walakwitsa pawiri ponse.

Kukonzekera wolowa m'malo

Mayeso omaliza a mtsogoleri ndi munthu amene adzamusiyire mpando. Mipingo ya kuno kum'mawa inadutsamo m'njira imeneyi. Amishoni a Dutch Reformed anayamba nchito pa Magwero mu 1899, m'busa woyamba wa kuno, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929, ndipo umwini unaperekedwa kwa eni dziko mu 1966. Mipingo ya CCAP imene inabadwa ku nchito ya Livingstonia inakhala sinodi yakeyake ya Zambia pa Lundazi mu 1984. Masiku amenewo anatheka cifukwa panali anthu amene anaphunzitsidwa, kupatsidwa nchito ndi kuloledwa kulakwitsa zaka zambiri m'mbuyo mwake.

Motero pa mayeso a caka ciliconse tionjezepo funso ili: ndi anthu ati awiri amene caka cino acita nchito imene caka catha inali kucitidwa ndi ine ndekha? Ngati maina awiriwo alipo, alembeni m'buku la maminitsi ndi kuwapatsa nchito yokulirapo. Ngati palibe, kuwapeza ndiyo nchito yoyamba ya miyezi itatu ikubwerayi. Mabwalo a mipingo angathandize poika tsiku limodzi pacaka lakuti atsogoleri onse, kuyambira abusa mpaka wapampando wa Sande sukulu, adziyese pa nthawi imodzi, kuti pasakhale woganiza kuti akusakidwa yekha.